Kuthirira Paini pa Malo a Eni

Maganizo obzala paini sanali anga. Anali a mayi a kunyumba. Ine nthawi imeneyo ndinali nditatopa nazo kale za kumunda. Fodya tinali titamusiya chifukwa cha chifuwa changa, komanso mitengo yomangira zigafa inali itatheratu m'mapiri onse otizungulira. Ndinkafuna kungolima kachimanga kokwanira anthu awiri, Lamulungu n'kupita kutchalitchi, basi.

Tinkakhala kwawo kwa mayiwo, mudzi wa m'mapiri chakumalire a Dowa ndi Ntchisi. Ine kwathu ndi ku Dzoole. Ndinapita kumeneko ndili mnyamata kukakhala pachikamwini, ndipo ndinakalambira komweko. Kuseri kwa nyumba yathu kunali kamtunda ka miyalamiyala, malo amene mayiwo anasiyiridwa ndi amayi awo. Chimanga chinali chitasiya kalekale kuberekapo. Pankangomera tsekera, mbuzi n'kumadyapo.

Tsiku lina chakumapeto kwa Febuluwale anabwera kuchokera ku msonkhano wa amayi a mpingo atasenza dengu. Atalitula pakhonde ndinaona kuti muli mbande za m'machubu akuda, timitengo totalika ngati chikhatho.

"Bambo, mawa tiyambe kukumba maenje kumtunda kuja. Madengu ena atsalira, tikatenga."

"Maenje a chiyani?"

"A paini. Ana adzacheketse matabwa ife titapita."

"Mayi, mkamwini sabzala mtengo. Abale anu adzati ndikufuna kulanda malo."

Anaseka, akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Mano agulukira pano, imvi zamerera pano, mukadali mlendo? Malo ndi anga. Inu mungondibwereka manja."

Ndinawabwereka manjawo. Ine ndinkakumba, iwo akung'amba machubu ndi kukwirira. Tinayambira m'munsi momwe muli dothi la makande, n'kumakwera nawo mizere mpaka pamwamba pa miyala. Tinadziwa ndithu kuti tachedwa, chifukwa mtengo umafuna kubzalidwa mvula ikangokhazikika, koma mbandezo zinapezeka nthawi imeneyo. Tinati mvula ya Malichi itithandiza. Chaka chimenecho mvula inadula msanga, chimanga chomwe chisanakhwime bwino.

Paini wamng'ono akayamba kugwira amatulutsa kansonga kanthete pamwamba, kobiriwira motuwirako, kofewa kwambiri. Tinakondwera titaona tinsonga timeneti. Koma tsiku lina masana mayiwo anatsika kumtunda akuthamanga, chinthu chimene anali atasiya zaka zambiri.

"Bambo, mitengo ija ikufa. Yonse yagwetsa makosi."

Ndinakwera nawo. Zinalidi choncho. Tinsonga tonse tinali titawerama ngati nkhuku zachitopa. Kenaka iwo anati, "Kheni yothirira fodya ija ili kuti?"

Umu ndi mmene ntchito ya madzi inayambira. Mjigo wa m'mudzi sitinkauyandikira n'komwe, chifukwa pamzere wa ndowa za anthu sungaimepo ndi zigubu za mitengo. Tinkatunga pachitsime cha kudambo, kumunsi kwenikweni. Mayiwo ankasenza ndowa. Ine ndinkamangirira zigubu panjinga, n'kumaikankha mpaka pomwe njira yayamba kukwera, kenaka zigubuzo m'manja. Pofika pamwamba chifuwa chinkalira ngati chitoliro. Ndinali nditathirira nazale za fodya moyo wanga wonse, koma nazale imakhala m'mbali mwa madzi, ndipo ukathirira miyezi iwiri watha. Apa madzi anali kumunsi, mitengo kumwamba, ndipo mvula inali kutali.

Ndinkadandaula, sindibisa. Ndinkati tasiya fodya kuti tipume, lero tadzipezera fodya wina wosagulitsa n'komwe. Iwo ankangotula ndowa, n'kugwada, n'kumatsira madzi ndi chikho pang'onopang'ono patsinde, ngati akumwetsa mwana phala.

M'mwezi wa Juni, kukuzizira, tili m'tchalitchi, buku la nyimbo linawapulumuka mayi a kunyumba aja m'manja. Amayi amene anakhala nawo pafupi anaganiza kuti ndi tulo. Atawayang'ana anaona kukamwa kwapotokera mbali imodzi. Tinawatengera kuchipatala ku Madisi. Madokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mbali yonse ya kumanja inali itafa. Mwana wathu wamkazi, amene anakwatiwa ku Lilongwe, anabwera kudzawadikirira m'chipatalamo. Ine ndinkayenda pakati: lero ku Madisi, mawa kumudzi.

Lilime lawo linali litalemera, mawu ambiri sankamveka. Koma nthawi iliyonse ndikalowa m'chipindamo ankandiyang'ana kaye, kenaka n'kulimbana nalo liwu limodzi mpaka lituluke.

"Mwa...thirira?"

"Ndathirira, mayi."

Atatuluka m'chipatala tinawagoneka m'chipinda chomwe zenera lake limayang'ana kumtunda. Mitengoyo sinkaoneka, inali yaing'ono kwambiri, koma ine ankandiona ndikukwera ndi zigubu. Mwana wathu anakhala nafe kanthawi, kenaka anabwerera kubanja kwake, n'kumabwera kumapeto kwa sabata. Tsiku langa linakhala lotere: kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwaphikira phala ndi kuwamwetsa, kuchapa zofunda, ndiyeno madzi a mitengo. Azilamu anga aakazi ankathandiza ndithu, makamaka pa zosambitsa, koma nawonso anali ndi makomo awo.

Masiku amenewo ndinkathirira ngati munthu wosokonezeka mutu. Ndikangoona kansonga kawerama, madzi. Ndipo poti mizere ya m'munsi ndiyo inali pafupi, ndiyo inkalandira kwambiri, tsiku ndi tsiku. Patapita nthawi mitengo ya m'munsimo inayamba kusanduka yachikasu. Ndinati ndi ludzu, ndinawonjezera madzi. Inapitirira kufa. Tsiku lina ndinazula umodzi kuti ndione. Unazuka mosavuta. Mizu yake inali yakuda, yoterera, ikununkha ngati chinangwa choviika. Ndinalowetsa chala m'dzenjemo, munali matope okhaokha. Makande aja ankasunga madzi, ine n'kumangowonjezera. Ndinakhala pamwala ndi kamtengo kaja m'manja, ndikuganiza za maulendo onse a kudambo amene ndinayenda kuti ndidzaphe mitengo ndi madzi.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuiyang'anitsitsa. Ndinaona kuti kansonga kanthete kamawerama dzuwa likafika paliwombo ngakhale pansi pali chinyezi, ndipo kukazizira kamadzuka kokha. Wa ludzu weniweni ndi umene umaupeza m'mawa ukadali chiweramire, mame atagwa kale. Choncho ndinasiya kuyendera mitengo masana. Ndinkapita m'mawa, n'kumapisa chala m'dothi. Pouma ndinkathira madzi ambiri nthawi imodzi kuti alowe pansi, n'kupasiya masiku angapo. Ndinaphimbira patsinde ndi udzu kuti chinyezi chisathawe. Udzuwo unaitana chiswe, ndipo ndinayamba ntchito ina youkankhira patali ndi tsinde ndi kuwaza phulusa. Ukatseka apa, patseguka apo.

Ndinawafotokozera mayiwo zonsezi ndikuwamwetsa phala. Ndinawauza za mitengo imene inaola. Ananditsinzinira, kenaka dzanja lawo lamoyo lija linandimenya pang'ono pabondo. Sindidziwa ngati kunali kundikalipira kapena kundiseka.

Anamwalira mu Seputembala, m'mawa, mwana wathu alipo. Za maliro sindinena zambiri. Anthu anabwera ochuluka, a mpingo anaimba bwino. Ine ndinangokhala pamene andikhazika, kudzuka pamene andidzutsa. Kumtunda sikunapite munthu masiku onsewo, ndipo ine sindinakukumbuke n'komwe.

Titatha kumeta, abale a mayiwo anandiitana pabwalo la nyumba. Woyankhula anali mchimwene wawo wamkulu, mwini mbumba, munthu wosachuluka mawu amene tinakhala naye bwino zaka zonse.

"Alamu, mwatisungira mlongo wathu mpaka kumuika m'manda. Tilibe nanu chifukwa. Lero takusudzulani. Mukafuna kukhala, nyumba ndi iyo. Mukafuna kupita kwanu, njira ndi yoyera."

Ndinathokoza. Mawu amenewa ndinawamvapo akunenedwa kwa amuna ena, ndipo ndinkadziwa kuti ambiri mwa iwo sanathe chaka asananyamule katundu. Palibe amene amakuthamangitsa. Umangoona wekha kuti chimene chinakubweretsa chapita.

Mlongo wanga, amene anabwera kumaliro kuchokera ku Dzoole, anandikokera kumbali asananyamuke.

"Achimwene, tiyeni kwathu. Pano mutsala ndi yani?"

"Ndibwera mvula ikagwa."

"Mvula ikukhudzani bwanji? Chaka chino simulima."

"Pali timitengo."

Anamanga mpango wake n'kukwera njinga yamoto.

Anthu onse atabalalika ndinakwera kumtunda. Dzuwa la Seputembala linali litagwira ntchito yake. Mitengo ina inali itauma, yofiira ngati dzimbiri, ukaigwira masamba n'kumayoyoka. Ina mbuzi zinali zitaibudula nsonga, poti ziweto zinali zitatayiriridwa. Koma yambiri inalipo, yowerama, yotuwa, isanafe. Ndikanaipeza yonse itauma mwina ndikanapuma. Ndinatsika kukatenga zigubu.

Okutobala wa chaka chimenecho sindidzamuiwala. Mjigo unayamba kutulutsa madzi modontha, anthu ambiri anasamukira kuchitsime cha kudambo, ndipo nachonso chinaphwera. Unkadikira kuti madzi asonkhane pansi, n'kumawapala ndi chikho. M'mawa wina ndikudzaza chigubu chachiwiri, mng'ono wawo wa mayi aja anatula ndowa yake pambali panga.

"Alamu, pepani, ndiyankhule. Mukatunga inu, ife timapeza matope. Ana amwe matope chifukwa cha mitengo?"

Amayi ena amene anali pamenepo anayang'ana pansi. Mlamu wangayo sankanama. Anali munthu yemwe anasambitsa mkulu wake miyezi yonse ija osadandaula.

"Mwanena zoona, alamu. Sinditunganso pano."

Ndinakhuthulira madzi a m'chigubu changa m'ndowa yake. Anafuna kukana, koma ndinali nditathira kale.

Kumunsi kwa dambolo, patali ndithu, kunali thamanda lomwe ng'ombe zinkamwapo. Madzi ake anali obiriwira, onunkha ndowe. Mitengo sisankha. Koma ulendo unatalika kawiri, ndipo msana unayamba kukana. Ndikawerama kuti ndinyamule chigubu, china chake chinkandibaya m'chiuno mpaka kumwendo. Mwana wanga ankaimba foni pafupifupi tsiku lililonse.

"Ababa, isiyeni mitengoyo. Taika amayi, mukufuna tiikenso inu?"

"Ndamva, mwana wanga."

"Mumangoti ndamva, ndamva."

Ndinaona kuti yonse sindingaithe. Madzi amene ndinkakwanitsa kubweretsa, ndikawagawira mitengo yonse, uliwonse unkangolawa, ndipo m'mawa yonse inkapezeka chiweramire. Ndinayenda m'mizere monse tsiku lina wopanda chigubu, ndikungoyang'ana. Ya pamwamba pa miyala ndiyo inkamwa kwambiri, ndiyonso inali kutali. Ndinaganiza zoisiya. Vuto linali lakuti mizere ya pamwambayo ndi imene mayi aja anaikonda, ankati idzaoneka kuchokera kumsewu. Ndinaima pamzere wa pakati, n'kunena mumtima kuti malire ndi pano.

Mtengo suufa tsiku limodzi. Ya pamwamba ija inatenga masabata. Inayamba yawerama osadzukanso, kenaka inatuwa, kenaka inafiira kuyambira kunsonga. Ndikamathirira ya pakati ndinkaipatsa msana.

M'masiku omwewo osaka mbewa anayamba kutentha tchire kuseri kwa phiri. M'mawa wina ndinapeza alamu anga aakulu aja ali kumtundako ndi khasu, akulambula udzu m'mbali mwa munda kuti moto usalowe. Sanandiuze kuti abwera. Ndinatula zigubu, tinapatsana moni, ndipo anakhala pamwala n'kutulutsa fodya wawo wopera.

"Alamu, anthu akuyankhula," anatero.

"Akuti chiyani?"

"Akuti mukuthirira kuti mawa mudzati malo ano ndi anu."

"Ndinamva. Inu mukuti bwanji?"

"Ine ndikufunsa inu. Mitengo iyi matabwa ake simudzawaona. Ngakhale ine sindidzawaona. Mukudzipheranji?"

Ndinafuna kuyankha za ana, kapena za mawu a malemu, koma zonsezo zikanakhala zokometsera. Ndinanena zimene zinalipo.

"Sindikudziwa, alamu. Ndikadzuka m'mawa m'nyumba muja mulibe woti ndimutembenuze, mulibe woti ndimuphikire phala. Ndiye ndimangotenga zigubu."

Anafwenkha fodya wawo, n'kuyetsemula, n'kuyang'ana mizere yofiira ya pamwamba.

"Iyo mwaitaya?"

"Ndaitaya."

"Mwachita bwino. Pamwamba apo ngakhale agogo athu sankabzalapo kanthu." Anaimirira n'kutola khasu. "Mitengo iyi ndi ya ana a mlongo wanga. Ndiwauza anthu choncho. Loweruka ndibwera ndi ngolo."

Anabweradi, atakweza mgolo wa madzi a kuthamanda kuja. Ngolo inafika m'munsi mwa kamtunda basi, kwinako tinkapungulira m'kheni. Sanabwere kawirikawiri, chifukwa ng'ombe zawo zinali zitaonda, nthiti zili pamtunda. Koma maulendo ochepawo anandipumitsa msana, ndipo zoyankhula za anthu zinazirala.

Novembala analowa kumwamba kuli mbee. Mitambo inkasonkhana chakumapiri a Ntchisi masana, kugunda pang'ono, n'kubalalika. Thamanda lija linasanduka phala. Ndinafika poti ndikadzuka ndinkakhala kaye pamphepete pa bedi nthawi yaitali, ndikukambirana ndi miyendo yanga. Masiku ena sindinkapita. Ndinkangogona, chitseko chotseka, ndipo sindinkamva chisoni kapena manyazi, kutopa kokhakokha. Mawa lake ndinkapeza mitengo ina iwiri kapena itatu yapita.

Mvula inagwa chakumapeto kwa mweziwo, masana, ine ndili panjira ndi njinga ndi zigubu zodzadza. Inayamba ndi mphepo ya fumbi, kenaka madontho akuluakulu. Sindinathawe. Ndinamasula zigubu, n'kukhuthulira madzi onunkha aja m'njira momwemo, ndipo ndinakankha njinga yopepuka kubwerera kunyumba. Inagwa mpaka madzulo, n'kugwanso mawa lake. Ndinagona masiku awiri, kudzuka pokhapokha mlamu wanga wamkazi uja akagogoda ndi chakudya.

Nditakwera kumtunda, dothi linali lofewa, nsonga zonse zili chilili. Yotsala inali yosafika theka la imene tinabzala, yambiri ya m'mizere ya pakati. Ndinayendamo, ndikuchotsa udzu wophimbira kuti madzi asadikhe patsinde. Nditamaliza ndinaima, n'kuona kuti palibenso china choti ndichite pamenepo. Ndinkayembekeza kuti ndidzasangalala. Ndinangomva njala.

Khirisimasi isanafike ndinatsanzika. Katundu wanga anakwana panjinga yamoto imodzi: zovala, Baibulo, wailesi ndi khasu. Alamu anandiperekeza mpaka pamsewu. Anati pakhomo ndi panga nthawi iliyonse, ine ndinathokoza.

Ku Dzoole mlongo wanga anandipatsa kanyumba komwe kanali ka mwana wake. Ndinachoka kumeneko ndili mnyamata, ndipo ndinabwerera kwa anthu ambiri osandidziwa. Ana ankandipatsa moni ngati mlendo wodutsa. Pang'onopang'ono ndazolowera. Msana sunachire. Ndimalima kadimba kakang'ono m'mbali mwenimweni mwa mtsinje, ndipo ndinakana kulima pena paliponse pofuna kunyamula madzi.

Ndinabwererako patapita zaka zingapo, tsiku loonetsa chiliza cha mayi aja. Mwana wanga wamkazi anali atabwerera kumudzi ndi ana ake, banja la ku Lilongwe litavuta, ndipo ankakhala m'nyumba yathu ija. Mapemphero atatha anandiuza kuti tikwere kumtunda. Ndinakwera mopumira, ndi ndodo.

Mitengo inali itandipitirira msinkhu. Pansi pake panali masamba ouma oterera, ndipo mphepo ikadutsa inkachita kaphokoso kamene sindinakamvepo pamalo amenewo. M'mipata ya imene inafa mwana wanga anali atabzalamo ina, nthawi yake yabwino, mvula itangoyamba, ndipo anati sanaithirirepo ngakhale kamodzi.

"Ababa, anthu akuti ndizidulira nthambi za m'munsizi kuti matabwa adzakhale osalala. Ndidule bwanji?"

Ndinamuuza kuti sindidziwa, ine ndinalekera pa madzi. Tinayesa limodzi pa mtengo umodzi ndi chikwanje chake chobuntha, ndipo tinausenda khungwa moipa. Utomoni unandimata m'manja monse. Anati akafunsa kwa alangizi a zankhalango asanaononge ina. Tinatsika chifukwa alendo ankadikira chakudya, ndipo wa njinga yamoto anali atanena kuti sadikira dzuwa likapendeka.